Mau ndi Chithunzi pa Chimbale Chimodzi: Zimene Zimasungidwa ndi Zimene Zimatayidwa

Lero ulendo wathu ndi wa ku msika, ndipo musaiwale masamu anu kunyumba, pakuti tikawafuna tikafika.

Inu amene mumakhala mu Lusaka mukuudziwa msika wa City Market, umene uli pafupi ndi msewu wa Lumumba. Tiyerekeze kuti mwapitako ndi amalume anu tsiku Loweruka, ndipo mwaima pa tebulo la munthu wogulitsa nyimbo ndi makanema. Masiku ano anthu ambiri amangolowetsa nyimbo m'foni kapena pa fulashi, koma zimbale sizinatheretu ai. Wogulitsayo wakuonetsani zimbale ziwiri. Zonse n'zozungulira, n'zonyezimira, ndipo kukula kwake n'kofanana, masentimita 12 kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Choyamba ndi DVD imene pa chikuto chake alembapo kuti muli makanema 12. Chachiwiri ndi Blu-ray, muli kanema mmodzi yekha, komabe mtengo wake ndi wokwera. Kuseri kwa chikuto chake kuli mau achilendo onga awa: LPCM, Dolby TrueHD, DTS-HD Master Audio.

Kodi amalume agule chiti? Mwana aliyense wodziwa kuwerenga anganene kuti 12 amaposa 1. Koma musafulumire. Malo a pa chimbale ali ndi malire, monga momwe tebulo la wogulitsa uja liliri ndi malire. Kuti zambiri zikwanepo, zina ziyenera kupanikizidwa, ndipo zina ziyenera kutayidwa. Phunziro lathu lagona pa kusiyana kwa zinthu ziwiri zimenezi, kupanikiza ndi kutaya.

Momwe mau amasandukira manambala

Poyamba tiyeni tione chimene mau ali. Munthu akamenya ng'oma, chikopa chimanjenjemera. Kunjenjemerako kumagwedeza mpweya, ndipo mpweyawo umagwedeza kachikopa kamene kali m'kati mwa khutu lanu. Mau a besi amagwedeza mpweya pang'onopang'ono, pamene mau a likhweru amaugwedeza mofulumira zedi. Khutu la mwana wathanzi limamva kunjenjemera kuyambira maulendo 20 kufikira pafupifupi maulendo 20,000 pa sekondi imodzi. Munthu akamakula, mau osongoka kwambiri amayamba kumzemba.

Mu 1877 Thomas Edison wa ku America anapanga makina oyamba otha kujambula mau ndi kuwabwezanso. Singano inkalemba kunjenjemera kwa mau ngati kanjira kokhotakhota. Zimbale zakuda za galamafoni zimene agogo anu ankavina nazo zinkayendera nzeru yomweyo. Koma makina a masiku ano salemba kanjira, amayesa. Amayesa mphamvu ya kunjenjemera kwa mau, n'kulemba nambala. Kenaka amayesanso, n'kulembanso nambala ina, motero mpaka nyimbo yonse itatha. Pobweza mau, makina amawerenga manambalawo ndi kugwedeza sipika motsatira zimene awerenga.

Chimbale cha CD, chimene makampani a Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, chimayesa mau maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse. Chifukwa chake n'chakuti, kuti mau asungike bwino, ayenera kuyesedwa mofulumira kuposa kawiri kunjenjemera kwao, ndipo 44,100 amaposa 20,000 kuchulukitsa ndi 2. Tsono makina sadziwa manambala onse amene inu mumawadziwa. Amadziwa 0 ndi 1 basi. Malo amodzi olembapo 0 kapena 1 amatchedwa biti, ndipo mabiti 8 amapanga baiti imodzi. Pa CD, muyeso uliwonse umalembedwa ndi mabiti 16. Ndiponso mau amayenda m'mizere iwiri, wina wa sipika ya kumanzere, wina wa sipika ya kumanja.

Tengani choko, tichulukitse: 44,100 kuchulukitsa ndi 16, kenaka ndi 2. Yankho ndi 1,411,200. Amenewa ndi mabiti amene CD imatulutsa pa sekondi imodzi yokha. Kuchuluka kwa mabiti otuluka pa sekondi ndiko kumene akatswiri amakutcha bitrate. Ife m'phunziro lino tizikutcha mlingo wa mabiti. Nambala ya 1,411,200 muisunge, chifukwa tiifunanso kutsogoloku.

Zimbale zinakula, koma malire sanachoke

Kanema amafuna malo aakulu kuposa nyimbo, pakuti amanyamula chithunzi ndi mau pamodzi. Chimbale cha VCD, chimene chinayamba mu 1993, chinkapatsa chithunzi mabiti pafupifupi 1,150,000 pa sekondi, ndipo mau ankalandira 224,000 okha. Mu 1996 kunabwera DVD. Imeneyi imanyamula magigabaiti 4.7, kapena 8.5 ikakhala ya magawo awiri osanjikizana. Gigabaiti imodzi ndi mabaiti 1,000,000,000.

Mu 2006 kunatuluka mitundu iwiri ya zimbale za chithunzi chooneka bwino kwambiri: HD DVD ya kampani ya Toshiba, ndi Blu-ray imene Sony ndi makampani ena anaichirikiza. Mitundu iwiriyi inapikisana, ndipo mu February 2008 Toshiba inalengeza kuti yasiya. Blu-ray ndiyo inatsala. Chimbale cha Blu-ray chimanyamula magigabaiti 25 pa gawo limodzi, kapena 50 pa magawo awiri. Chinsinsi chake ndi kuwala kumene kumawerenga chimbale. DVD imawerengedwa ndi kuwala kofiira, pamene Blu-ray imawerengedwa ndi kuwala kobiriwira ngati mtambo, kumene kumatha kuloza pa kadontho kakang'ono koposa. Zili ngati kulemba ndi pensulo yosongoka m'malo mwa choko: tsamba ndi lomwelo, koma mau olembedwapo amachuluka. Chithunzi cha Blu-ray chimapangidwa ndi timadontho 1,920 chopingasa ndi 1,080 chotsika, pamene cha DVD ya kuno kwathu chili ndi 720 ndi 576.

Ngakhale zili choncho, Blu-ray nayo ili ndi malire awiri. Oyamba ndi kukula kwa chimbale, monga tanenera. Achiwiri ndi mlingo wa mabiti: chithunzi ndi mau pamodzi siziloledwa kupyola mabiti 48,000,000 pa sekondi, ndipo chithunzi pachokha sichipyola 40,000,000. Choncho wopanga chimbale amakhala ngati mayi amene wapita ku msika ndi ndalama zowerengeka. Akagula ndiwo zodula, ufa uchepa.

Njira ziwiri zochepetsera katundu

Pali njira ziwiri zochititsa kuti mau atenge malo ochepa, ndipo zonse ziwiri mungaone chitsanzo chake mu msika momwemo.

Pitani kwa ogulitsa salaula, muone belo lisanatsegulidwe. Ndi lolimba ngati mwala, ndipo lamangidwa zolimba. Akalidula zingwe, zovala zimatukumuka n'kudzaza tebulo lonse. Palibe malaya amene anadulidwa mkono kuti akwane m'belomo. Zonse zimene zinalowa zatuluka. Chimene chinachotsedwa ndi mpweya wokha. Imeneyi ndiyo njira yosataya kanthu, imene pa Chingerezi amati lossless.

Kodi manambala angapanikizidwe bwanji? Taonani manambala awa: 100, 102, 103, 103, 101. Tingawalembe mwachidule motere: yambani ndi 100, onjezani 2, onjezani 1, osaonjeza kanthu, chotsani 2. M'malo molemba manambala aakulu asanu, talemba nambala yaikulu imodzi ndi ting'onoting'ono tinai, ndipo aliyense angabweze manambala oyamba aja popanda cholakwa. Mau amachita chimodzimodzi: muyeso uliwonse kawirikawiri umakhala pafupi ndi umene wangopita. Motero makina amalosera muyeso wotsatira, n'kulemba kusiyana kokha kwa pakati pa chimene analosera ndi chimene chinalidi. Pamene anthu a m'kanema akulankhula motsitsa, kapena pamene pali chete, mabiti ofunika amachepa kwambiri. Pakabuka phokoso lalikulu, amachulukanso. Mwa njira imeneyi mau amatsika kufika pafupifupi theka la kukula kwao, nthawi zina kupitirirapo pang'ono, nthawi zina kucheperapo. Koma pamenepo ndiye pothera. Belo silingapanikizidwe mpaka kulowa m'thumba la malaya.

Njira yachiwiri tiione kwa ogulitsa ufa. Pali mgaiwa, umene ndi chimanga chogayidwa chathunthu, ndipo pali ufa woyera, umene chimanga chake chinakonoledwa, gaga n'kuchotsedwa. Nsima ya ufa woyera ndi yokoma, ndipo ambiri amaikonda. Koma gaga uja anapita. Ngakhale muuthire ufawo m'thumba lalikulu motani, sudzabwereranso kukhala mgaiwa. Imeneyi ndiyo njira yotayako, imene amati lossy.

Njira imeneyi siitaya mwachisawawa ai. Akatswiri anaphunzira khutu la munthu, ndipo anapeza kuti mau amphamvu amaphimba mau ofooka amene ali pafupi nao. Inu nomwe mukudziwa: minibasi ikaliza hutala pafupi nanu, simungamve ndalama yachitsulo imene yagwa pansi nthawi yomweyo. Tsono makina amafufuza mau onse ophimbidwa otere ndi kuwasiya, kapena kuwalemba mosasamala kwenikweni. Umo ndimo MP3 imagwirira ntchito. Njira ya MP3 inakonzedwa makamaka ndi akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany, mmodzi wa iwo Karlheinz Brandenburg, ndipo inasindikizidwa ngati muyeso wa dziko lonse mu 1993. Nyimbo ya MP3 ya mabiti 128,000 pa sekondi imatenga malo ochepa pafupifupi ka 11 poyerekeza ndi CD. M'makanema, njira zotayako zodziwika ndi Dolby Digital, imene inayamba kumveka m'nyumba zoonetsera kanema mu 1992, ndi DTS, imene inayamba mu 1993 ndi kanema wa Jurassic Park.

Njira yotayako si yoipa. Ikapatsidwa mabiti okwanira, anthu ambiri satha kuisiyanitsa ndi mau oyambirira. Vuto limadza pamene mabiti achepetsedwa mopyola muyeso. Pamenepo maseche amamveka ngati madzi otuluka pa mpope, ndipo kuomba m'manja kumamveka ngati pepala lofwanyidwa.

Maina atatu a kuseri kwa chikuto

Tsopano tingathe kuwerenga mau achilendo aja. Koma choyamba tidziwe tanthauzo la 5.1, imene imalembedwa pambali pao. Kanema wa masiku ano sakhala ndi mizere iwiri yokha ya mau ngati CD. Amakhala ndi isanu ndi umodzi: wa kumanzere, wa pakati umene umanyamula zolankhula, wa kumanja, iwiri ya m'mbali kapena kumbuyo kwa womvera, ndi umodzi wa mau a pansi kwambiri, onga kugunda kwa bingu. Isanu ija ndiyo 5, ndipo wa bingu uja ndiwo 1. Zimbale zina zili ndi 7.1, ndiye kuti mizere 8.

LPCM ndi mau osapanikizidwa konse, manambala onse olembedwa monga momwe anayesedwera. Ndi zovala zimene sizinamangidwe m'belo. Makina alionse a Blu-ray amatha kuwawerenga, koma amadya malo ambiri.

Dolby TrueHD ndi njira yosataya kanthu ya kampani ya Dolby, imene Ray Dolby anaiyambitsa ku London mu 1965. Njirayi inamangidwa pa nzeru ya kampani ya ku Britain yotchedwa Meridian. Pa Blu-ray imaloledwa kufika pafupifupi mabiti 18,000,000 pa sekondi. Popeza si makina onse amene amatha kuitsegula, pambali pake amaikapo mau ena a Dolby Digital wamba, kuti makina akale asakhale chete.

DTS-HD Master Audio nayo ndi yosataya kanthu, ndipo malire ake ndi mabiti 24,500,000 pa sekondi. Kamangidwe kake ndi kosiyana pang'ono. Pakati pake pali phata, limene ndi DTS wamba wa mabiti pafupifupi 1,500,000 pa sekondi, ndipo pamwamba pa phatalo amasanjikapo zonse zimene phatalo linasiya. Makina akale amawerenga phata lokha. Makina atsopano amaphatikiza zonse ziwiri n'kubweza mau athunthu. Njira imeneyi ndiyo inafala kwambiri pa zimbale za Blu-ray.

Nanga mwa zitatuzi, yomveka bwino koposa ndi iti? Apa mpamene anthu ambiri, ngakhale akuluakulu, amasokonezeka. Amaona 24,500,000 ndi 18,000,000 n'kuganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yopambana. Koma manambala amenewa ndi malire chabe, ndipo makanema ambiri safika ngakhale pafupi nao. Chachikulu ndi ichi: ngati mau oyambirira anali amodzi, njira zonse zitatu zimabweza manambala ofanana ndendende. Mabelo awiri omangidwa ndi anthu awiri osiyana, ngati munalowa zovala zofanana, mudzatulukanso zovala zofanana. Wina akakuuzani kuti wamva kusiyana, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti mau ena atuluka mokwererapo pang'ono, ndipo khutu limanyengeka, limayesa mau okwera ndiwo abwino. Kumbukirani lamulo ili: pa njira yotayako, mlingo wa mabiti ukakwera, mau amakhala bwinopo, koma pa njira yosataya kanthu, mlingo wa mabiti umangotiuza kukula kwa belo, osati ubwino wa zovala.

Tigawe malo a pa chimbale

Tsopano inu mukhale opanga chimbale. Muli ndi Blu-ray ya magigabaiti 25, ndi kanema wa maola awiri. Magigabaiti 25 ndi mabiti 200,000,000,000. Maola awiri ndi masekondi 7,200. Tikagawa, tipeza kuti sekondi iliyonse ingalandire mabiti pafupifupi 27,800,000. Imeneyi ndiyo ndalama imene muli nayo m'manja.

Mau a makanema amayesedwa maulendo 48,000 pa sekondi, ndipo nthawi zambiri muyeso uliwonse umalembedwa ndi mabiti 24. Mukasankha LPCM ya mizere 6, chulukitsani 48,000 ndi 24 ndi 6. Yankho ndi mabiti 6,912,000 pa sekondi. Pa maola awiri, mau okhawo adya magigabaiti 6.2, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a chimbale chonse. Chithunzi chatsala ndi mabiti pafupifupi 20,900,000 pa sekondi.

Mukasankha Dolby TrueHD kapena DTS-HD Master Audio, ndipo tiyerekeze kuti mau apanikizika kufika theka, ndiye kuti mwapulumutsa magigabaiti atatu, amene mungawapereke ku chithunzi, koma mau osataya kanthu ngakhale pang'ono. Chimenechi ndicho chifukwa chake njira ziwirizi zinalowa m'malo mwa LPCM pa makanema ambiri.

Mukasankha Dolby Digital wamba, amene pa Blu-ray amafika mabiti 640,000 pa sekondi, mau adya gawo lopitirira pang'ono theka la gigabaiti imodzi, ndipo pafupifupi chimbale chonse chatsalira chithunzi. Koma gaga wapita.

Nanga mutafuna kuti kanemayo amveke m'zilankhulo zitatu, zonse mu LPCM? Chulukitsani 6,912,000 ndi 3, mupeza 20,736,000. Chithunzi chatsala ndi pafupifupi 7,000,000 okha, ndipo chiyamba kuoneka timabokosi pamene anthu akuthamanga kapena pamene madzi akusefukira. Akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Motero opanga zimbale nthawi zambiri amasunga mau a chilankhulo choyambirira cha kanema m'njira yosataya kanthu, ndipo zilankhulo zomasulira amaziika m'njira yotayako. Ena amasankha chimbale cha magigabaiti 50, chimene chimapatsa mpata wokulirapo, koma kuchipanga kumadya ndalama zambiri.

Tibwerere tsopano ku DVD ya makanema 12 ija. Tiyerekeze kuti ndi ya magigabaiti 8.5, ndipo kanema aliyense ndi wa mphindi 90. Onse pamodzi ndi masekondi 64,800. Mabiti a pa chimbalecho ndi 68,000,000,000. Tikagawa, sekondi iliyonse ilandira mabiti pafupifupi 1,050,000, chithunzi ndi mau pamodzi. Kodi mukuikumbukira nambala ija ya CD? Inali 1,411,200, ya mau okha opanda chithunzi. Taonani tsono: chimbale cha makanema 12 chikupatsa chithunzi ndi mau pamodzi mabiti ochepa kuposa amene CD imapatsa nyimbo yokha. Makanema 12 alimodi, wogulitsa sananame, koma aliyense wakonoledwa mpaka kutsala mutu wokha wa nkhani.

Kodi amalume agule chiti?

Yankho lidalira pa makina amene ali nao kunyumba. Kaya nyumbayo ili ku Chelstone, ku Woodlands kapena ku Kabulonga, funso ndi limodzi: mau adzatulukira pati? Ngati adzatulukira pa timasipika ting'onoting'ono ta m'kati mwa wailesi ya kanema, ana akusewera pabwalo, poto akuwira kukhichini, ndiye kuti kusiyana kwa Dolby TrueHD ndi Dolby Digital wamba sikudzamveka. Kuti mau osataya kanthu a mizere 6 afike m'khutu, pafunika makina a Blu-ray, pakuti makina a DVD sawerenga chimbale chimenechi. Pafunika chokuzira mau chodziwa kutsegula njirazi, masipika okwanira, ndi chingwe cha HDMI. Chingwe chakale choyendera kuwala sichitha kunyamula mau osataya kanthu a mizere yambiri. Chimangodutsitsa mizere iwiri, kapena Dolby Digital ndi DTS wamba. Unyolo umaduka pamene pali mphete yofooka. Choncho munthu asataye ndalama pogula dzina lolembedwa pa chikuto, pamene makina ake sangathe kulitumikira. Ndiponso asayese kuti wapeza mwai pogula makanema 12 pa mtengo wa mmodzi. Adziwe chimene walandira ndi chimene wasiya.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza sukulu yanu

Mwina mukufunsa kuti, nanga ife tilibe Blu-ray, nkhaniyi itithandiza chiani? Imvani. Masiku ano aphunzitsi ambiri ali ndi foni yotha kujambula mau. Amajambula kwaya ya sukulu, amajambula ng'oma za ku Kabwata Cultural Village akapita ndi ana kukaona magule, ndipo ena akapita kumudzi amajambula agogo akusimba nthano. Aliyense wojambula amasankha pakati pa belo ndi ufa woyera, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Ola limodzi la kwaya, lojambulidwa pa mlingo wa CD m'njira yotchedwa WAV, limadya mamegabaiti pafupifupi 635. Mukalipanikiza ndi FLAC, njira yosataya kanthu imene inatuluka mu 2001 ndipo ndi yaulere kwa aliyense, limatsika kufika pafupifupi theka kapena kupitirirapo pang'ono. Mukalisandutsa MP3 ya mabiti 128,000, limatsala mamegabaiti 58 okha. Potumiza nyimboyo kwa makolo pa foni, MP3 ndiyo yoyenera, pakuti siidya ndalama zambiri za intaneti. Koma posunga, sungani yathunthu. Kuchokera ku yathunthu mungapange ma MP3 ochuluka monga mufunira, lero ndi mawa. Kuchokera ku MP3 simungabwererenso ku yathunthu. Ndipo MP3 ikasandutsidwanso kawiri kapena katatu m'njira zotayako, ulendo uliwonse imataya zina, monga chithunzi chokopedwa kuchokera ku chokopa chinzake. Madzi akatayika saoleka.

Taganizirani za amene anatitsogolera. Kuulutsa mau pa wailesi kunayamba mu Lusaka mu 1941. Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi wotchuka amene anamwalira mu 1978, anagwirapo ntchito ndi Hugh Tracey, munthu amene anayenda m'maiko ambiri a mu Africa kujambula nyimbo za makolo, kuphatikizapo za Achewa. Mu 1954 Tracey anakhazikitsa International Library of African Music, nkhokwe ya nyimbo imene lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Oimba ambiri amene iye anawajambula anamwalira kale, koma mau ao akumvekabe, chifukwa anajambulidwa mosamala ndi kusungidwa mosamala. Nkhokwe zotere zikamasamutsa nyimbo kuchokera pa matepi akale kupita pa kompyuta, zimasankha njira yosataya kanthu, pakuti sizidziwa chimene makutu ndi makina a zidzukulu adzafune kumva.

Chomaliza, kumbukirani kuti ngakhale chinthu chathunthu chingatayike ngati chili pa malo amodzi okha. Mu July 2017 moto unatentha gawo lalikulu la City Market, ndipo amalonda ambiri anataya katundu wao yense. Chimbale chimapsa, chimakalika, foni imabedwa. Choncho nyimbo ya sukulu yanu muisunge pa malo awiri osiyana, wina ku ofesi ya sukulu, wina kunyumba ya mphunzitsi.

Ntchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, mukatha kuwerenga phunziroli ndi ana, yesani zinthu zitatu izi. Choyamba, lembani pa bolodi manambala 50, 51, 53, 53, 52, 50. Mwana mmodzi awafupikitse monga tinachitira, mufute bolodi, ndipo mwana wina awabweze. Ana aone okha kuti palibe chimene chatayika. Chachiwiri, mwana mmodzi agwetse pensulo pansi m'kalasi muli chete, kenaka aigwetsenso pamene anzake akuomba m'manja. Afunseni kuti ndi liti pamene anaimva, ndipo chifukwa chake n'chiani. Chachitatu, cha ana a makalasi apamwamba: apeze mlingo wa mabiti wa LPCM ya mizere 8, yoyesedwa maulendo 48,000 pa sekondi ndi mabiti 24, ndipo anene mabiti amene atsalire chithunzi pa chimbale chathu chija cha mabiti 27,800,000 pa sekondi.

Ndipo inu ana, mukapita kunyumba, funsani makolo ngati pali chimbale cha kanema. Werengani kuseri kwa chikuto chake, mulembe maina a njira za mau amene mwawapeza, ndipo mawa mukauze aphunzitsi anu kuti ndi ati a belo, ndi ati a ufa woyera. Tsalani bwino.